Nkhondo ya Mpatuliro wa pa Tsamba 212

Khalani chete inu makompyuta a m'maofesi, lekani kulira inu mafoni a m'matumba, ndipo inu nonse amene munabadwa mochedwa tcherani khutu, pakuti tikunena za masiku aakulu aja a m'chaka cha makumi awiri ndi chimodzi cha chiyankhulo cha Barza, pamene mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Bega inali itangoyamba maluwa, dzuwa litayamba kufunditsa mabenchi a m'Timișoara, ndipo anthu awiri okondana ngati apachibale anatsala pang'ono kung'amba chiyankhulo chathunthu pakati chifukwa cha kachizindikiro kochepa kuposa phazi la nyerere.

Barza ndi chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndipo chilibe mwini. Aliyense akhoza kuchitenga ulere, kusuzumira m'mimba mwake, kukonza chomwe chamunyansa, ndi kudandaula mokweza ngati kuti analipira. Amachigwiritsa ntchito ndi anthu zikwi zinayi, kapena zisanu tikawerengera ndi aja anachiyesa kamodzi n'kuthawa: alimi a tomato omwe amathirira nacho m'mashedi a pulasitiki, malaibulale a m'matauni ang'onoang'ono, ndi masukulu a sekondale a m'maboma atatu. Ufumu wonsewu unkaima pa mizati iwiri.

Mzati woyamba unali Otilia Drăgoi, Mlonda wa Buku, Mkango wa Masamba Mazana Anayi, Mwini Cholembera Chofiira, iye amene anabwezapo khadi la ukwati kwa eni ake atalikonza malo atatu. Mayiyu, wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndiye ankasunga Buku la Malamulo, momwe munalembedwa zimene chiyankhulocho chimalola ndi zimene chimakana. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankalikhalira pansi Loweruka lililonse m'mawa, wopanda malipiro, akuwongola ziganizo zokhota kuti munthu wa ku Gdańsk ndi munthu wa ku Porto akawerenga amve chinthu chimodzi.

Mzati wachiwiri unali Traian Bocșan, Njati ya Ndevu, Wophwanya Makiyibodi, Iye Amene Sawerenga Malangizo, yemwe ankasunga kompaila, pulogalamu ija imene imatenga zomwe munthu walemba m'Barza n'kuzimasulira kuti makina amve. Awiriwa sanali anzake a pantchito chabe. Pa ukwati wa Traian ndi Mirela, Otilia ndiye anagwira kandulo yaikulu m'tchalitchi monga nkhoswe yawo, choncho Traian ankamuitana kuti nașă, iye n'kumamuitana Traian kuti finule, ndipo Lamulungu lililonse masana ankadyera pa tebulo limodzi.

Tsono Lachiwiri lina, itangokwana teni koloko m'mawa, pa bwalo la pa intaneti pomwe anthu a Barza amaperekera madandaulo panafika funso la nambala 1187. Analemba ndi mayi Codruța Iovan, mphunzitsi wa ku Lugoj, munthu wamtendere amene sankadziwa kuti wanyamula moto m'manja.

"Pepani, ndingofunsako," analemba motero. "Ana anga alemba mayeso. Ena alemba mndandanda chonchi: [3, 5, 8]. Ena alemba chonchi: [3, 5, 8,] ndi mpatuliro kumapetoko. Kodi wachiwiriwu ndi wololedwa? Ndikufuna ndichonge mwachilungamo. Zikomo."

Otilia anamwetulira, chifukwa mafunso otere kwa iye anali ngati shuga mu khofi. Anatsegula Buku pa tsamba 212, ndime 7.4, ndipo lamulo linali pomwepo, loyera ngati malaya a Pasaka: mpatuliro ukhale pakati pa chinthu ndi chinthu. Pakati, osati kumapeto. Koma maso ake atatsika pang'ono kufika pa chitsanzo cha m'munsi mwa lamulolo, khofi anamuzizirira m'kamwa. Kumapeto kwa mndandanda wa m'chitsanzocho, kuseri kwa nambala yomaliza, kunali kampatuliro katamatirira ngati nkhupakupa pakhutu pa galu. Lamulo linkanena china, chitsanzo chinkachita china, pa tsamba limodzi lomwelo, ndipo iye, Mkango wa Masamba Mazana Anayi, anali atadutsapo zaka khumi ndi zinayi osakaona.

Anayankha nkhope ikutentha: "Lamulo likukana. Chitsanzo ndiye chalakwika, ndichikonza. Kompaila nayo ikonzedwe kuti izikana."

Sipanathe mphindi zisanu ndi ziwiri, Njati ya Ndevu inatulukira. "Kompaila yakhala ikulola kuyambira ndili ndi tsitsi. Chitsanzo chili bwinobwino, lamulo ndiye lalakwika. Konzani lamulolo titseke nkhani." Akanalekera pomwepo, bwenzi lero tilibe choimba. Koma chala chake chinamuyabwa, ndipo anawonjezera mawu aja amene anagwedeza maboma atatu: "Buku lanu ndi lokongola, nașă, koma makina sawerenga mabuku."

Otilia anawerenga chiganizocho katatu. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, chiganizo chili chomwecho. Anakumbukira ma Loweruka mazana asanu ndi awiri, maulendo a kumapiri amene anawakana, maso amene anathera pa ndime 7.4 ndi azibale ake, ndipo anamva kuti chinthu china chathyoka pansi pa nthiti zake. Sanalire. Anangotsegula kabati, natulutsa cholembera chofiira chatsopano.

Mmene linkalowa dzuwa la tsiku lachitatu, magulu ankhondo anali atandanda. Kumbali ya Buku kunaima bambo wina wa ku Gdańsk yemwe analemba kompaila yakeyake potsata lamulo lililonse liwu ndi liwu, ndipo sanafune kumva kuti kukhulupirika kwake kwa zaka zisanu ndi chimodzi kunali kulakwa. Kumbali ya Traian kunakhamukira alimi a tomato, omwe mapulogalamu awo anali odzaza ndi timipatuliro takumapeto, ndipo ankafuula kuti kompaila ikayamba kukana, madzi aima, tomato afota, ndipo magazi a tomatoyo akhala pamutu pa wina. Tizala toloza kumwamba ndi tizala toloza pansi tinkagwa ngati matalala. Munthu wina wa ku Thessaloniki anajambula chithunzi cha mizere kuonetsa kuti onse awiri akulakwa, ndipo magulu onse anagwirizana kwa ola limodzi kumutukwana. Ndemanga zinafika makumi asanu ndi limodzi, kenako zana ndi makumi anayi. Pakati pa utsi wonsewu mayi Codruța anatukula mutu kawiri kufunsa kuti, "Pepani, nanga ndichonge bwanji?" koma mawu awo anapondedwa ndi akavalo.

Nkhondo yaikulu ya maso ndi maso inachitika Lachinayi la sabata yachiwiri, faifi koloko madzulo, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya makeke komwe anthu a Barza amakumana mwezi ndi mwezi. Nthawi zonse kumabwera anthu anayi. Tsikulo kunabwera khumi ndi mmodzi, ena mpaka kukhala pa mawindo.

Otilia anaimirira, Buku lili pachifuwa ngati chishango.

"Abale anga a Barza," anatero, "chiyankhulo chopanda lamulo si chiyankhulo, ndi phokoso la pamsika! Lero tilola mpatuliro umodzi chifukwa bambo uyu anazolowera. Mawa wina adzazolowera kusiya mndandanda wosatseka. Mkuja tidzapeza kuti Barza ndi chilichonse chomwe Traian Bocșan walota atakhuta nyemba. Ine sindinalembere Bukuli makina. Ndinalembera anthu, kuti munthu asamachite kuimbira foni wandevu uyu kuti adziwe zomwe pulogalamu yake ikutanthauza!"

Anthu anaomba m'manja mpaka pawindo pena panagwa mphika wa maluwa.

Traian anadzuka, mpando n'kudzuka naye limodzi chifukwa unali wothina.

"Nașă, ndimakulemekezani, munandigwirira kandulo. Koma kandulo ndi kandulo, kompaila ndi kompaila. Inu mukalakwitsa, munthu amangotsinya nkhope n'kutsegula tsamba lina. Ine ndikalakwitsa, tomato amafa! Mukufuna ndithyole mapulogalamu a anthu zikwi zinayi kuti chiganizo chanu chigone tulo tabwino?"

"Chiganizo changa chinali m'tulo mwake mwamtendere mpaka iwe unachiponda ndi zinsapato zako."

"Nanga chitsanzocho anachisunga zaka khumi ndi zinayi ndani? Ine?"

Apa m'chipindamo munazizira. Otilia anayang'ana finule wake monga mmene munthu amayang'anira ntchentche yomwe yagwera mu supu ya alendo.

"Finule, iwe pa kalata yofunsira ntchito yako yoyamba unalakwitsa dzina lako lomwe. Ndinakonza ndine. Usandiphunzitse kuwerenga."

"Ngati zili choncho," anabangula Traian, ndevu zikunjenjemera, "ndichotsa kompaila yanga, ndikayambitsa Barza ina, Barza Yeniyeni! Inu mutsale ndi Buku lanu, muziliwerengera amphaka!"

"Pita nayo! Udzalembe wekha malangizo ake, tione ngati ungafike chiganizo chachiwiri!"

Lamulungu lotsatira, kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mpando wa Otilia pa tebulo la a Bocșan unakhala wopanda munthu. Iye anadya dzira lowiritsa kunyumba kwake, ataimirira. Lolemba m'mawa atatsegula chitseko anapeza katoni pakhomo, ndipo m'katimo munali mabotolo onse opanda kanthu amene ankawapatsiramo zacuscă, ndiwo zake zotchuka za mabiringanya ndi tsabola wowotcha. Kwathu kuno botolo limabwezedwa limodzilimodzi, kuti pakhale chifukwa chobwereranso. Traian anabweza khumi ndi asanu ndi awiri pakamodzi. Otilia anawawerenga, anakhala pansi pa masitepe, ndipo apa ndiye analira pang'ono, mokwiya, akutukwana mabotolo.

Amene anatopa poyamba ndi Mirela, mkazi wa Traian, Mfumukazi ya Khitchini, yemwe sankadziwa kusiyana kwa kompaila ndi kompresa ndipo sankafuna kudziwa. Lachisanu anaimbira foni Otilia.

"Nașă, mwamuna wanga akukangana ndi inu ali m'bafa, inu kulibe. Dzulo wathira mchere mu khofi. Ndagula matikiti awiri a sitima ya mawa m'mawa. Mupite nonse kwa a Profesa amene anayambitsa Barza, mukawafunse, poti ndiwo analemba tsambalo. Mukapanda kupita, inu simudzalawanso supu yanga, iyenso sadzailawa, ndipo ndikudziwa amene ayambe kufa."

Motero Loweruka, tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi la nkhondo, ndemanga zitafika mazana anayi ndi khumi ndi ziwiri, akazembe awiriwo anakwera sitima yolowera ku Făget, nakhala moyang'anizana, mawondo akugundana pa kona iliyonse, osalankhulana. Traian anatulutsa sangweji, anayang'ana nașă wake, anaibwezera m'thumba. Otilia anali ndi maapozi awiri m'chikwama, ndipo anadya onse awiri yekha ngakhale wachiwiriyo sankamufuna.

A Profesa Ilarie Vancea, Tate wa Chiyankhulo, Kasupe wa Ndime Zonse, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi, anawapeza ali pa makwerero m'munda wa mapulamu, atavala chipewa chobooka, nkhuku zikuzungulira m'munsi.

"Otilia! Traian! Kwagwanji? Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira, a Profesa," anatero Otilia. "Tabwera pa nkhani ya Barza."

"Barza?" Nkhalambayo inakanda m'mutu kudzera pa chibowo cha chipewa. "Kodi chikadalipo chinthu chija?"

Anawakhazika pa tebulo la pansi pa mtengo, ndipo aliyense anapereka mlandu wake, wina akulankhula wina akupumira m'mwamba. A Profesa anamvetsera mpaka kumapeto, akuthamangitsa nkhuku ndi phazi.

"Ndiye mwakwera sitima maola awiri chifukwa cha mpatuliro?"

"Chifukwa cha choonadi," anatero Otilia.

"Chifukwa cha tomato," anatero Traian.

"Chabwino. Mapepala oyambirira ali kudenga. Traian, ukwere ndiwe, ine mawondo athera pa makwerero a mapulamu aja."

Njati ya Ndevu inatsika ndi fayilo yotuwa yomangidwa ndi chingwe, ndevu zili ndi ukonde wa akangaude. Munali masamba amene a Profesa anatayipa okha pa makina akale aja olira ngati matalala pa malata. Iwo anafotokoza kuti masambawo anawajambulitsa pa fotokope n'kugawira ophunzira awo, ndipo ophunzirawo ndiwo anawalemba m'kompyuta monga momwe anawaonera. Mmodzi mwa ophunzirawo anali Traian yemweyu, amene analemba kompaila yoyamba akuyang'ana zitsanzo zokha chifukwa malamulo ankamugonetsa tulo.

Otilia anatsegula masambawo mpaka anapeza ndime 7.4. Mitu itatu inaweramira pa pepala. Chitsanzo chinali pomwepo, ndipo kuseri kwa nambala yomaliza kampatuliro kaja kanali pomwepo, kakuda, konenepa, kodzikuza.

"Ehee!" anakuwa Traian, nkhuku n'kubalalika. "Dzanja la Tate mwini! Nașă, gwadani!"

Koma Mlonda wa Buku sanagwade. Anali ataona kuti mpatulirowo ukusiyana ndi anzake a pamzere womwewo. Unali wotupa pang'ono, ndipo unali ndi chithunzithunzi. Anatambasula chala, naukanda ndi chikhadabo pang'onopang'ono. Mpatuliro unasuntha. Unayenda pa pepala, unadutsa nambala yomaliza, unadutsa m'mphepete, n'kukagwera pa tebulo.

Inali njere ya chitowe.

Kenako a Profesa anayamba kuseka, kuseka kwa munthu wokalamba komwe kumathera m'kutsokomola.

"Covrig!" anatero akupukuta misozi. "Buledi wa chitowe uja ankagulitsa pageti la yunivesite! Ndinkadya m'mawa uliwonse ndikutayipa. Tsamba limeneli ndinalilemba Lachisanu ndikuthamangira basi. Ana inu, mwakhala zaka makumi awiri mukulambira chakudya changa cham'mawa!"

Otilia anaimirira pang'onopang'ono, ndipo amene analipo amati anatalika ndi chikhatho chathunthu.

"Finule," anatero ndi mawu otsekemera ngati uchi wa poizoni, "kompaila yako yamangidwa pa nyenyeswa za buledi. Tenga foni, ujambule umboniwu, dziko lonse lione."

Traian, nkhope ili ngati ufa, analowetsa dzanja m'thumba. Koma asanatulutse foni, thadzi lina lofiira lomwe linali likutsatira mlanduwu mwachidwi linadumphira pa tebulo, linapendeka mutu, ndipo ndi kujompha kumodzi linameza umboni wonse wa nkhondo ya masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

"Gwirani nkhukuyo!" anakuwa Otilia.

"Musaigwire!" anakuwa Traian. "Ndi mboni ya mbali yanga!"

Mkango wa Masamba Mazana Anayi unathamangitsa thadzi kuzungulira mtengo wa mapulamu kawiri, Njati ya Ndevu ikutchinga njira manja ali tambalale, a Profesa akulangiza nkhuku kuti ithawire kukhola. Ndi pakati pa mpirintingwi umenewu pomwe mafoni a akazembe awiri aja analira pakamodzi. Inali ndemanga ya nambala 413. Otilia anaima, akupuma wefuwefu, naiwerenga.

"Pepani kuvutitsanso," analemba mayi Codruța. "Ndawerenga zonse mazana anayi, ndaphunziramo mawu ambiri achipongwe, koma yankho sindinalipeze. Malikisi akufunika Lolemba. Ana khumi ndi anayi anaika mpatuliro uja. Mmodzi mwa iwo ndi mtsikana amene akapeza malikisi awiri amenewa apita ku mpikisano wa boma lonse, akapanda kupeza atsala. Amandifunsa tsiku lililonse. Ndinamuuza kuti eni chiyankhulo akukambirana. Aphunzitsi aakulu akuti chaka chamawa tingosamukira ku chiyankhulo china chomwe eni ake amayankha mafunso. Ine ndimachikonda Barza. Chonde, inde kapena ayi."

Otilia anakhala pansi pa benchi. Mawu ake omwe, aja anawalankhula pamwamba pa shopu ya makeke anthu akuomba m'manja, anamubwerera m'makutu, ndipo anamva manyazi akukwera kuchokera m'khosi mpaka m'tsitsi. Munthu anali atagogoda pakhomo la Buku masiku khumi ndi asanu ndi anayi apitawo ndi funso la mzere umodzi, ndipo mlonda wa pakhomopo anali kalikiliki kuthamangitsa nkhuku.

"Mwanayo sanalakwe," anatero motsitsa mawu. "Anatsegula tsamba 212, anaona chitsanzo, anachikhulupirira. Kaya ndi chitowe kaya ndi inki, chinali m'Buku langa. Sindingamulande malikisi chifukwa choti anandikhulupirira ine." Anatembenukira kwa Traian. "Ndisintha lamulo, finule. Mpatuliro ukhale."

Traian sanakuwe mwachipambano. Anakhala pambali pake, benchi n'kulira.

"Nașă, pali chinthu china."

"Chiyani?"

"Kompaila ija... sikuti imalola umodzi wokha."

"Ukutanthauzanji?"

"Imalola iwiri. Itatu. Tsiku lina ndinayesa makumi anayi, inangoti zikomo." Anakoka ndevu zake. "Ndinazindikira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Ndinkaopa kukuuzani."

"Makumi anayi!"

"Ndikanawerenga lamulo lanu lija bwenzi zisanachitike. Makina sawerenga mabuku, n'zoona, koma ine ndimayenera kuwerenga. Mawu aja ndinalankhula ngati bulu. Ndipo mabotolo aja Mirela wandikalipira sabata yonse."

Otilia anamuyang'ana, ndipo mkwiyo umene anaukonzera unakana kubwera. M'malo mwake kunabwera kuseka, koyamba ndi m'mphuno, kenako thupi lonse, mpaka anachita kugwira phewa la finule wake kuti asagwe pa benchi.

Pangano la mtendere linalembedwa pa tebulo lomwelo, pa laputopu ya Traian, ndipo linatenga maola awiri ndi theka, chifukwa mbali iliyonse inkayeza liwu lililonse ngati golide. Linali chiganizo chimodzi: "Mpatuliro umodzi womaliza ndi wololedwa, koma susintha tanthauzo la mndandanda." Otilia anataya lamulo lake lakale. Traian analonjeza kupha timipatuliro makumi atatu ndi tisanu ndi tinayi totsalato lisanafike Lachitatu. Kwa bambo wa ku Gdańsk awiriwo analemba kalata yaulemu yomutcha Wokhulupirika Woyamba wa Buku, kuti akonze kompaila yake mtima uli m'malo. Ndipo kwa mayi Codruța, Otilia analemba yekha, ndi zala zake: "Inde. Apatseni malikisi onse khumi ndi anayiwo. Pepani kwambiri pochedwa." Yankho linabwera nthawi yomweyo: mtsikana uja apita ku mpikisano, ndipo sukulu ikhalabe ndi Barza chaka china, bola eni ake azimwa mankhwala awo.

Tsono a Profesa anati pangano lotere silingapite louma. Anatsikira m'chipinda cha pansi natulukamo ndi botolo la țuică, kachasu wawo wa mapulamu, nalamula kuti liwu lililonse la chiganizocho limweredwe kapu yakeyake, kamodzikamodzi, mwa dongosolo lake. Mawuwo anali khumi. Mwamwayi timakaputo tinali tating'ono ngati zitsekerero za mabotolo.

Ali pa liwu lachitatu, mumsewu munadutsa gulu la oimba malipenga likuchokera ku ukwati wa m'mudzimo. A Profesa anawakodola, ndipo oimbawo ataona mayi ndi bambo wandevu atakumbatirana, maso ali ofiira, anaganiza kuti ndi mayi ndi mwana amene anatayana kalekale, nayamba nyimbo yolira mtima mpaka woimba ng'oma anagwetsa misozi. Palibe anawawongolera. Pa liwu lachisanu anatulukira wansembe wa m'mudzimo, yemwenso ankachokera ku ukwati komweko, ndipo atamva kuti pakhazikitsidwa mtendere pakati pa maboma atatu, Gdańsk ndi Thessaloniki, anaviika kamtolo ka masamba onunkhira m'madzi kuti adalitse panganolo pomwe linalembedwa. Traian anadziponya pa laputopu ngati msilikali woteteza mfumu, ndipo dalitso lonse linathera pamsana pake.

Atatha liwu lachisanulo, Otilia anakweza dzanja, malipenga n'kuima.

"Taimani. Apa pali mpatuliro. Pakati pa wololedwa ndi koma."

"Umenewo si liwu, nașă," anatero Traian, madzi akudontha m'ndevu.

"Si liwu, koma wagwira ntchito."

Nkhaniyi anaipereka kwa wansembe, yemwe anaganiza mozama, nagamula kuti mpatuliro ulandire theka la kapu, ndipo umweredwe anthu ataimirira, zipewa zili m'manja. Choncho pansi pa mtengo wa mapulamu, dzuwa la masana likuwala pa malipenga, profesa, wansembe, oimba asanu ndi awiri ndi akazembe awiri anaima njo, mwakachetechete, kulemekeza kachizindikiro kamene ambiri mwa iwo sankadziwa kuti kachita chiyani.

Mmene ankafika pa liwu lakhumi, panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kutchula kuti mndandanda. A Profesa anayesa katatu, anakathera pa "mnda". Wansembe anati ndi liwu lachikunja. Traian analiyamba bwino koma anasochera pakati, n'kumangopitiriza "ndandanda" mpaka woimba ng'oma anamulandira ndi kayimbidwe. Onse anatembenukira kwa Mwini Cholembera Chofiira, amene pa moyo wake wonse anali asanalumphepo chilembo.

Otilia anaimirira, anagwira tebulo ndi dzanja limodzi, anakonza magalasi, anatsegula pakamwa, anatsekanso.

"Limenelo," anatero mwaulemu wonse, "tidzalikonza Lolemba."